Kanyenyezi pa pepala la Mayi

Pepalalo linakhala m'thumba la jekete yanga masiku asanu ndi limodzi ndisanawauze Mayi zomwe zinalembedwapo. Ndayamba ndi chiwerengero chimenechi dala, chifukwa kutsogoloku mundiona ndikudziikira kumbuyo, ndipo ndi bwino muzikumbukira kuti magazi anali awo, koma pepala linali m'thumba mwanga.

Mayi amakhala kwathu ku Mphunzi, m'boma la Dedza, m'munsi mwa phiri lija lili ndi zojambula zamakedzana pamiyala. Mu 2021 anaona kadontho kakuda pachidendene cha phazi lamanzere. Munthu wolima kachewere, amene wayenda chosavala nsapato kuyambira utsikana wake, kadontho ka pachidendene angakalabadire? Anati ndi minga inathyokeramo. Kenaka anati ndi mang'a a nyengo yozizira. Kadonthoko kanakula, ndipo pofika mu 2022 kanali chilonda chosapola, chomatuluka magazi akangoponda mwala. Ku chipatala cha mumzinda anadulapo kanyama n'kukakayeza, ndipo anatiuza kuti ndi melanoma, khansa yoyambira m'maselo amene amapatsa khungu mtundu wake.

Ine ndi dipuloma yangayi ndinkayesa kuti khansa ya pakhungu ndi ya azungu okonda kuothera dzuwa kunyanja, komanso ya abale athu achialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo oposa 134,000 m'dziko muno. Ya achialubino kawirikawiri imakhala ya mtundu wina, yobwera ndi dzuwa. Melanoma ya ife akhungu lakuda imakonda malo amene dzuwa silifikako n'komwe: pansi pa phazi, m'chikhatho, kunsi kwa chikhadabo. Ndi yomwe inatenga Bob Marley. Inapezeka mu 1977 kunsi kwa chikhadabo cha chala chachikulu chakuphazi, anthu n'kumayesa bala la mpira, ndipo pa 11 Meyi 1981 anamwalira ku Miami ali ndi zaka 36. Zaka zonsezi ndamvera nyimbo zake m'maminibasi osadziwa kuti chinamutengacho chingamere pachidendene cha mayi wa ku Mphunzi.

Madokotala anachotsa chotupacho pamodzi ndi mnofu wozungulira, n'kusenda khungu pantchafu kudzamata pabalapo. Anati chinali chitalowa mamilimita atatu. Kuyeza kuya kumeneku, kumene dokotala wa ku America, Alexander Breslow, anakufotokoza mu 1970, ndi kumene kumalosera zam'tsogolo. Chosafika milimita imodzi kawirikawiri chikachotsedwa ndiye kuti chapita, koma chozama chimatha kukhala chitamwaza kale mbewu zake kwina. Mamilimita atatu ndi pakatikati, pomwe munthu sangavine komanso sangayambe kulira. Anati tizibwera pakatha miyezi ingapo iliyonse, pakuti nthendayi ikafuna kubwerera imakonda zaka zoyambirira, ngakhale ina imadikira mpaka zaka khumi.

Mwezi wa Juni chaka chino tinapitanso. Chipsera chinali bwino, mphechepeche munalibe mwanabere. Anatenga magazi n'kunena kuti zotsatira mawa. Mayi tauni saikonda, ndipo anali atasiya nkhumba m'manja mwa ana, choncho anabwerera tsiku lomwelo ndi mlongo wanga. Pepala ndinakatenga ndine. Pamzere umodzi panali zilembo zitatu, LDH, kenaka nambala 312, ndipo pambali pake kanyenyezi, kusonyeza kuti yadutsa malire a 250 amene analembedwa pomwepo. Dokotala anazunguliza nambalayo ndi cholembera nati, "Mwina palibe kanthu, achimwene. Koma poti mbiri yawo tikuidziwa, abwerenso pakatha masabata atatu tidzayezenso, tidzawaunikenso pachifuwa ndi m'mimba."

Ndinafunsa zambiri, iye anayankha moleza, zina ndinakawerenga ndekha usiku. LDH ndi chinthu chimene chimakhala m'kati mwa maselo pafupifupi m'thupi lonse, ndipo maselo akaphwanyika chimatayikira m'magazi. Zili ngati kupeza ufa wotayika m'njira yochokera kuchigayo. Umadziwa kuti thumba la munthu wina labooka, koma ufawo sukuuza kuti thumbalo n'la yani kapena chaboola n'chiyani. Malungo amaikweza, chifukwa amaswa maselo ofiira a magazi. Ntchito yakalavulagaga imaikweza. Chiwindi chikadwala imakwera. Ngakhale magazi amene agwedezeka kapena achedwa m'kabotolo asanayezedwe amatha kuonetsa nambala yokwera. Ndipotu malire amenewa amawaika poyeza anthu abwinobwino n'kutenga 95 apakati mwa 100 alionse, kutanthauza kuti munthu mmodzi mwa 20 alionse athanzi amagwera kunja kwa malirewo popanda vuto lililonse. Mayi anali atadwala malungo mu Meyi atabwera ku maliro ku Golomoti, ndipo sabata yomweyo anali akukumba kachewere. Zifukwa zosaopsa zinalipo zokwanira. Koma melanoma ikafalikira m'chiwindi kapena m'mapapo imakwezanso nambala yomweyi, moti madokotala amaigwiritsa ntchito poona kukula kwa nthenda imene yafalikira kale.

Choncho chimene ndinanyamula kupita nacho kumudzi sichinali uthenga woipa, sichinalinso wabwino. Chinali chikaiko. Ndipo funso limene landisowetsa tulo, limene ndikufuna tiganizire limodzi, owerenga anzanga, ndi ili: kodi chikaiko ndi katundu wa yani? Choonadi tonse timavomera, mwina pakamwa pokha, kuti mwini wake ayenera kuchimva. Nanga chinthu chimene sichinakhale choonadi, chimene mwina pakatha masabata atatu chidzasanduka nthabwala, tili ndi mangawa okachipereka kwa mwini wake?

Ndinayamba ndafika kwa amalume, monga mwambo ukunenera, pakuti mbumba ndi yawo. Anamvetsera atazyolika, akukonza mpini wa khasu. Nditamaliza anati, "Mphwanga, usawauze. Ukawauze kuti adokotala akufuna kuwaonanso, basi. Munthu amafa ndi maganizo nthenda isanamuphe. Iweyo wati mwina ndi malungo. Ndiye ukufuna mlongo wanga asagone masabata atatu chifukwa cha malungo amene anachira kale?"

Musawapeputse amalume. Mawu awowa si umbuli, ndi chifundo chimene makolo athu anachiganizira bwino. Kwathu uthenga woipa sumwazidwa ngati mapira. Umadzera kwa akulu, umafika pang'onopang'ono, umapeza munthu atakhala pansi. Mwana ali ku Joni, bambo ake atsikira kulichete, timamuimbira kuti, "Bwera msanga, odwala aja zavuta," kuti asakomoke panjira. Ndani mwa ife sananenepo bodza limeneli? Ndipo nkhawa ndi ululu weniweni. Ndaona Mayi akuonda mu 2022 podikira zotsatira za kanyama kaja, nsima ikuwakanika kukhosi chotupacho chisanawachite kanthu kena kalikonse. Kupatsa munthu ululu umene mwina n'ngwachabe, ndiwe wachilungamo kapena wankhanza?

Amalume anawonjeza mfundo ina imene inandikhalitsa chete. Anati, "Tinene kuti yabwereradi. Uchitapo chiyani? Uli ndi ndalama zake?" Apa anandigwira pakhosi. Mu 2015 Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America, analengeza kuti melanoma yamufika m'chiwindi ndi mu ubongo, ali ndi zaka 90. Anamuchita opaleshoni, anamuotcha ndi makina, n'kumupatsa mankhwala atsopano otchedwa pembrolizumab, amene amamasula chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa. Anakhala mpaka Disembala 2024, n'kumwalira ali ndi zaka 100. Asayansi awiri amene anatsegula njira ya mankhwala a mtundu umenewu, James Allison ndi Tasuku Honjo, analandira mphotho ya Nobel mu 2018. Zonsezi n'zoona ndipo n'zosangalatsa, koma mtengo wa mankhwala amenewa ngakhale titagulitsa nkhumba zonse za m'mudzi mwathu sitingaufike. Nthenda imodzi yomweyo, kwa wina ndi chaka cha mavuto, kwa wina ndi chigamulo. Ndiye kudziwa kuli ndi phindu lanji kwa munthu amene kudziwako sikumugulira mankhwala?

Mlongo wanga anakana zonsezi. Iye ndi amene amakhala ndi Mayi, amene anawatsuka bala miyezi iwiri, ndipo sayankhula zambiri. Anangoti, "Achimwene, inu mubwerera ku Lilongwe. Ine ndi amene ndizikhala nawo pano n'kumawanamiza m'mawa uliwonse. Akadzadziwa, adzandikhulupiriranso?"

Mawu amenewa anandikumbutsa mtengo wa bodza lachifundo lija. Chifukwa tonse timadziwa kuti "zavuta" amatanthauza maliro, lero ukamuimbira munthu kuti odwala zavutadi koma ali moyo, amayamba kulira pafoni. Ndipo ukamuuza kuti "ali bwino," sakhulupirira. Tinawononga tokha mawu athu otonthozera. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa bwino kumene njira imeneyi imathera. Nthawi imeneyo mawu akuti "kuyezetsa magazi" anali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo ankanenedwa monong'ona. M'mudzi mwathu tinaika anthu ambiri amene pamaliro pawo tinauzidwa kuti anadwala nthawi yaitali, osatchula dzina la nthenda, amasiye awo n'kulowedwa chokolo, nthendayo n'kumapitirira. Kenneth Kaunda atanena poyera mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi, ndi Bakili Muluzi atanena chimodzimodzi za m'bale wake mu 2004, zinali nkhani zazikulu chifukwa chakuti anaswa mwambo wobisa. Ngakhale boma lenilenilo linatichitapo za amalume. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, ife n'kumauzidwa kuti awatengera ku South Africa kukalandira chithandizo, ndipo mtundu unauzidwa zoona pa 7 Epulo. Sindikumbuka Mmalawi ndi mmodzi yemwe amene anathokoza kuti anamuteteza ku nkhawa masiku awiri amenewo.

Komabe ndisanamize owerenga kuti zitsanzo zimenezi zikuthetsa nkhani yanga. Onsewa ankabisa chinthu chodziwika. Ine ndinalibe chodziwika. Apa ndi pomwe ndinabisala masiku asanu ndi limodzi aja, kumadziuza kuti sindikunama, pakuti palibe choona chimene ndikubisa.

Tsiku lachinayi ndinakwera phiri la Mphunzi ndekha, kuthawa maso a Mayi. Alendo amabwera kudzaona zojambula za pamiyalazi, makamaka kuyambira 2006 pamene UNESCO inaika dera la Chongoni, lokhala ndi malo 127 a zojambula zotere, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira akuti n'za Akafula amene anakhala kuno makolo athu asanafike. Zoyera n'za Achewa, zina za gule, zina za chinamwali. Ndili mwana tinkaopa kuziyang'anitsitsa. Nditakhala pamenepo ndinaona kuti miyala imeneyi ikugwirizana ndi amalume: si zonse zimene zimauzidwa kwa aliyense nthawi iliyonse, mwambo uli ndi nthawi yake ndi eni ake. Koma nditaganiza mopitirira ndinaona kuti ikuwatsutsanso. Anamkungwi ankabisira ana ndi amuna zinsinsi za chinamwali, inde. Koma namwali mwini wake sankamubisira. Ankamutengera padera n'kumuuza zonse za thupi lake, zokoma ndi zoopsa zomwe, chifukwa thupilo n'lake ndipo ndi iye adzakhale nalo. Chinsinsi chinkatchinga akunja. Ife tinali titachitembenuza: amalume akudziwa, mlongo wanga akudziwa, ine ndikudziwa, dokotala akudziwa, wakunja yekha pa nkhani ya magazi a Mayi anali Mayi.

Ndipo pali china chimene sindinafune kuchiona. Kodi ndinkateteza yani? Ndikanawauza, ndikanayenera kukhala pamkeka n'kuona nkhope yawo ikusintha. Ndikanayenera kuyankha mafunso amene ndinalibe mayankho ake. Ine mlembi wa ndakatulo, amene ndalembapo za imfa kangapo konse m'masamba ano anthu n'kundiyamikira, ndinkaopa mphindi khumi zokhala chete ndi mayi anga ondibala. Chifundo chathu chambiri kwa odwala, ndikuganiza tsopano, chimakhala chifundo chodzichitira tokha. Sindikuti chonse. Cha amalume chinali chenicheni, anawalera Mayi kuyambira ali kamtsikana. Changa chinali chosakaniza, ndipo mantha ndi amene anachuluka.

Funso la amalume lija, loti kudziwa kuli ndi phindu lanji, nalo lili ndi yankho, ngakhale silokoma. Choyamba, si kubwerera kulikonse kumene kuli chigamulo. Ikabwerera pachipsera kapena m'mwanabere wa mphechepeche, madokotala athu amatha kuichotsanso ndi mpeni, ndipo kufulumira kumathandiza. Munthu amene akudziwa chifukwa chimene akumuitanira kuchipatala sazengereza, koma amene wangouzidwa kuti "akufuna kukuonaninso" amatha kunena kuti ndipita ndikatha kukolola. Chachiwiri, ngakhale kumene mankhwala ochiza kulibe, munthu ali ndi zake zoti akonze. Ali ndi munda woti anene kuti udzakhala wa yani, ali ndi m'bale amene sanayankhulane naye zaka zisanu, ali ndi Mulungu wake. Tikamubisira timamulanda nthawi imeneyo, ndipo nthawiyo si yathu kuti tiigawe.

Koma zonsezi ndi nzeru za paphiri. Nditatsika sindinanene kanthu, tsiku lachisanu lonse ndinakhala ndikuwaza nkhuni zimene sizinkafunika kuwazidwa.

Anayambitsa ndi Mayi. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi madzulo, chisanu cha Dedza chija chitayamba kuluma, tili m'khitchini awiriwiri akukazinga chimanga. Osandiyang'ana anati, "Iwe, jekete imeneyo sukuivula ngakhale pamoto. Muli chiyani m'thumbamo?"

Ndinati, "Amayi, ndi pepala lakuchipatala lija."

"Ndikudziwa kuti ndi pepala. Ndikufunsa kuti lati chiyani. Amalume ako andipatsa moni kawiri lero. Mlongo wako akundiletsa kutunga madzi. Ukuyesa ndine mwana?"

Ndinalitulutsa. Ndinawaonetsa kanyenyezi kaja, ngakhale zilembo za Chingerezi sawerenga. Ndinawauza za ufa wotayika m'njira, za malungo a ku Golomoti, za munthu mmodzi mwa 20. Ndinawauzanso mbali inayo, mawu akundikakamira. Anamvetsera mpaka kumapeto, chimanga chikuthetheka m'chiwaya, kenaka anafunsa funso limodzi lokha: "Adokotalawo anati yabwerera, kapena anati sakudziwa?"

"Anati sakudziwa, Amayi."

"Ndiye ukundibisira kusadziwa? Ine ndakhala nako kusadziwa kumeneko zaka zonsezi."

Ndipo anandiuza chimene palibe mmodzi wa ife ankachidziwa. Kuyambira tsiku limene anatuluka m'chipatala mu 2022, m'mawa uliwonse asanatuluke m'nyumba amapapasa mphechepeche kufuna mwanabere, monga anawaphunzitsira namwino. Akatsokomola kawiri amawerenga masiku. Chaka chatha msana utawapweteka sabata yathunthu anaitana mkulu wa mpingo kudzapemphera nawo, ife n'kutiuza kuti anangobwera kudzacheza. Sankatiuza chifukwa, mwa mawu awo, "iwe uli ndi lendi yoti ulipire, ndipo mlongo wako amalira msanga." Nyumba yonse tinali kubisirana mantha amodzimodzi, aliyense m'chipinda chake, aliyense akuyesa kuti akuteteza mnzake.

Sindinena kuti atamva anasangalala. Usiku umenewo ndinawamva akutembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba, ndipo mawa lake nsima anangoinyomola pang'ono. Amalume anali ndi mfundo, ululu umene ankaopa unabweradi, ndipo unabwera kudzera pakamwa panga. Atamva kuti ndaulula anangopukusa mutu nati, "Ana asukulu inu," ndipo mpaka lero sitinagwirizane. Ngati pa ulendo ukubwerawu adzapeza kuti anali malungo basi, iwo adzati ndinawazunza Mayi pachabe, ndipo sindidzakhala ndi chowayankha chimene angachimve.

Chimene ndinaona n'chakuti tsiku lachitatu lake Mayi anatuma mwana kukaitana mng'ono wawo wa kutsidya, amene anakangana naye za malire a dimba mu 2019. Anakhala pakhonde masana onse, sindinamve zomwe anakambirana, ndinangoona akugawana mbatata yootcha. Anagulitsa nkhumba imodzi kuti ndalama ya ulendo ikhale m'manja mwawo, osadikira ine. Kabuku kawo kakuchipatala anakachotsa m'chikwama changa n'kukaika m'kathumba kawo ka pulasitiki, pamodzi ndi pepala lija, limene analipinda kanayi.

Tikunyamuka Lachiwiri. Wanjinga yamoto tapangana naye kuti afike m'mamawa kusanache, atitule pamsewu wa M1 kuti tipeze minibasi yoyamba ya ku Lilongwe. Mayi anena kuti ulendo uno sabwerera tsiku lomwelo, agona kwanga ku Kawale mpaka zotsatira zituluke, ndipo polowa kwa dokotala ine ndikakhale pambali, wofunsa akakhale iwo. Dzulo anandiuza kuti ndiwalembere zilembo zitatu zija pachikuto cha kabuku kawo, zikuluzikulu, kuti akathe kuziloza ndi chala.